Masewera a Nthano: A Pa Kanema ndi A Pakhomo



Ku maiko a kutsidya kwa nyanja kwabuka chinthu chimene munthu wachikulire, pochiona koyamba, angathe kupukusa nacho mutu. Anthu 7 kapena 8 akhala pa gome lalikulu. Alibe mpira, savina, saimba. Angokamba nthano, naponya timadayisi, naseka, ndipo nthawi zina nagwetsa misozi, kufikira patapita maola 3 kapena 4. Tsono anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana akhala chete m'nyumba zawo, nawapenyerera pa intaneti monga momwe ena apenyerera mpira. Popeza lamya za m'manja zafika ndi m'midzi momwe, ana athu odziwa Chingerezi sadzachedwa kukumana ndi zionetsero zimenezi, ndipo nkwabwino kuti makolo adziwe chimene chili.

Koma pali nkhani ina yoposa pamenepa. Masewera amenewa poyamba sanali a pa bwalo. Anali a m'nyumba, a anthu odziwana okhaokha. Lero ambiri ayamba kuwadziwira pa kanema, nakopeka, napita kukayesa kwawo ndi abale awo. Ndipo pakuona kuti a kwawowo sakufanana ndi a pa kanema, agwa mphwayi, ena nanyoza mnzawo amene anawakonzera masewerawo, ena nawalekeratu. Mlandu umenewu ndiwo tifuna kuuzenga mwezi uno: kodi nkoyenera kuyeza masewera a pakhomo ndi muyeso wa pa kanema?

MASEWERAWA NDI OTANI?

Tiyambe ndi tsinde lake. Masewera otchuka koposa a mtundu umenewu dzina lake ndi Dungeons & Dragons. Anawapanga amuna awiri a ku America, Gary Gygax wa m'tauni ya Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin, ndi Dave Arneson wa ku Minnesota, ndipo anasindikizidwa m'chaka cha 1974. Onse awiri anali okonda masewera a nkhondo za pa gome, m'mene munthu mmodzi ayendetsa gulu lonse la tizidole ta asilikali. Tsono kunadza nzeru yakuti wosewera aliyense asiye gulu, atenge munthu mmodzi yekha wa m'nthano, amupatse dzina, mbiri ndi khalidwe, ndi kumamuyankhulira. Poyamba anasindikiza mabokosi 1,000 okha, lililonse la timabuku 3, pa mtengo wa madola 10. Eni ake onse awiri anamwalira, Gygax mu 2008 ndi Arneson mu 2009, koma masewerawo akalipo. Malamulo ake akonzedwa kangapo. Amene anafala kwambiri ndi a mu 2014, ndipo anawakonzanso mu 2024.

Kaseweredwe kake nkotere. Mmodzi akhala wotsogolera, amene eni ake amutcha Dungeon Master. Iyeyu ndiye adziwa dziko la m'nthanomo, mapiri ake, midzi yake, mafumu ake ndi zilombo zake, ndipo ndiye woweruza pa malamulo. Enawo, kawirikawiri 3 kufikira 6, ali ndi pepala aliyense, lolembedwapo mphamvu, nzeru ndi katundu wa munthu wake. Wotsogolera anena, mwachitsanzo: "Mwafika pa mtsinje wosefukira, mlatho wathyoka, ndipo kutsidya kukumveka kulira kwa mwana. Muchita chiyani?" Wina ati, "Ine ndisambira." Wina ati, "Ine ndigwetsa mtengo uwu kuti tiwolokerepo." Pamene chinthu chili chokayikitsa, wotsogolera auza wosewera kuti aponye dayisi. Dayisi lake si longa la ludo la mbali 6 ayi. Lalikulu pa onse lili ndi mbali 20, ndipo pali enanso a mbali 4, 6, 8, 10 ndi 12. Wotsogolera aikiratu nambala yoyenera kuifikira, tinene 15. Wosewera aponya, naonkhetsa nambala imene yagwa ndi ya luso la munthu wake. Akafika pa 15, wawoloka. Akaperewera, madzi amukokolola, ndipo anzake ayenera kuganiza msanga momupulumutsira. Palibe wopambana mnzake, pakuti onse ali mbali imodzi. Ndipo nthano imodzi itha kupitirira miyezi kapena zaka.

Inu amene munachitapo masanje muli ana simudzavutika kumva zimenezi. Mukumbukira kuti wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, wina fisi wodzaba ndiwo, ndipo aliyense ankayankhula monga mwa udindo wake popanda wolemberatu mau. Mukumbukiranso nthano za madzulo, m'mene agogo ati "padangokhala," ana nayankha "tili tonse." Kusiyana kwake nkwakuti agogo adziwa kale mathero a nthano yawo, pamene m'masewerawa palibe adziwa kumene nkhani ikathere, ngakhale wotsogolera yemwe.

M'MENE ANATULUKIRA PA BWALO

Kwa zaka zambiri masewerawa anali obisika m'zipinda. Oyamba kuwatulutsa poyera mochititsa chidwi anali a ku Japan: m'chaka cha 1986 magazini yotchedwa Comptiq inayamba kusindikiza zonse zimene osewera ena ananena pa gome lawo, pansi pa dzina lakuti Record of Lodoss War. Anthu anakonda kuziwerenga, kotero kuti Ryo Mizuno anazisandutsa mabuku, ndipo pambuyo pake zinakhala makatuni a pa kanema. Ku America, m'chaka cha 2008, kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula masewerawa mu 1997, inajambula mau a anthu akusewera m'chionetsero cha Acquisitions Incorporated, kuti anthu amvere ndi kugula mabuku atsopano. M'chaka cha 2014 abale atatu a banja la McElroy, ndiwo Justin, Travis ndi Griffin, anayamba kusewera ndi bambo wawo Clint m'chionetsero chomvera ndi makutu chotchedwa The Adventure Zone. Ndipo wotsogolera woyamba anali Griffin, wamng'ono pa onse.

Koma chimene chinagwedeza dziko ndi Critical Role. Mvetsani bwino chiyambi chake, pakuti tidzabwererako. M'chaka cha 2012, mu mzinda wa Los Angeles, Matthew Mercer anakonzera mnzake Liam O'Brien masewera a tsiku limodzi pokondwerera tsiku lake lobadwa. Amene anasonkhana anali mabwenzi a ntchito imodzi, anthu obwereketsa mau awo ku makatuni ndi ku masewera a pa kompyuta. Anakondwa nawo masewerawo, napitiriza kukumana m'nyumba kwa zaka zoposa ziwiri popanda wowaona. M'mwezi wa March 2015 anavomera kumasewera pamaso pa makamera a Geek & Sundry Lachinayi lililonse madzulo. Nthano yawo yoyamba inatenga zigawo 115, nitha mu 2017. Yachiwiri zigawo 141, kuyambira 2018 kufikira 2021. Yachitatu inatha mu 2025. M'chaka cha 2019 anapempha owaonera kuti asonkhe madola 750,000 opangira katuni ya nthano yawo yoyamba. Anthu oposa 88,000 anasonkha madola oposa 11 miliyoni, ndipo katuniyo, The Legend of Vox Machina, inayamba kuonetsedwa mu 2022. Mu October 2023 anasewera ku London, m'bwalo la Wembley Arena, pamaso pa khamu la anthu.

Chionetsero china chachikulu ndi Dimension 20, chimene chinayamba mu 2018 motsogozedwa ndi Brennan Lee Mulligan. Osewera ake ambiri ndi akatswiri a nthabwala, ozolowera kupeka zoseketsa pomwepo popanda kuloweza. Mu January 2025 anadzaza bwalo la Madison Square Garden ku New York. Ndipo mu October chaka chomwecho Mulligan anatenga mpando wotsogolera nthano yachinayi ya Critical Role.

KUSIYANA KWAKE KULI PATI?

Malamulo ndi amodzi, madayisi ndi amodzi, mabuku ndi omwewo. Nanga bwanji zipatso zake zisiyana chotere? Taonani zifukwa zisanu.

Choyamba ndi ichi: mwini wake wa masewera. Pa gome la pa kanema pali mlendo wosaoneka, ndiye wopenyerera, ndipo zonse zichitika poganizira iye. Wosewera ayenera kuyankhula momveka, kusadula mnzake mau kuti makina asasokoneze, ndi kufotokoza za mumtima mwa munthu wake kuti mlendo wa kutali amve. Pa gome la pakhomo palibe mlendo ameneyo. Masewera ali a iwo okha amene akhala pamenepo. Ndipo nthabwala yonena za mbuzi ya malume, imene munthu wa mudzi wina sangaimve, isekesa a m'nyumbamo kufikira kugwira nthiti. Amayi adziwa bwino kusiyana kwa kuphika kwa pa ukwati ndi kuphika kwa masiku onse. Pa ukwati pali mpunga, nyama, ophika ambiri ndi miphika yobwereka, chifukwa akudya ndi alendo. Koma palibe munthu wanzeru anyoza nsima ya Lachiwiri chifukwa siifanana ndi ya pa ukwati, pakuti ana akula ndi nsima ya masiku onseyo.

Chachiwiri ndi luso. A Critical Role ndi anthu amene adya za pakamwa pawo: kusintha mau kukhala a nkhalamba, a mwana, a mfumu yaukali, ndiyo ntchito imene anaiphunzira zaka zambiri asanakhale pa gome limenelo. A Dimension 20 anaphunzira kulandira mau a mnzawo ndi kumangapo ena mosachedwa. Chimene openyerera ambiri aiwala nchakuti luso limenelo silili mwa wotsogolera yekha. Mercer akaponya nyambo ya nkhani, pali anthu 7 odziwa kuigwira. Pakhomo wotsogolera angathe kufunsa, "Muchita chiyani?" ndipo onse angoyang'anana, wina nayasamula, wina nafunsa kuti dayisi lagwera kuti. Kumeneko si kulephera kwa wotsogolera. Ndimo mmene anthu wamba ayambira chinthu chachilendo.

Chachitatu ndi manja osaoneka. Kuseri kwa makamera kuli anthu a nyali, a makina a mau, amisiri osema tinyumba, timapiri ndi tizilombo toika pa gome, ojambula zithunzi ndi oika nyimbo. Pa Dimension 20 ndi pa The Adventure Zone palinso odula: achotsa nthawi ya kudikira, ya kufufuza lamulo m'buku ndi ya kusokonezeka, nasiya zokoma zokha. A Critical Role aonetsa pafupifupi zonse, ngakhale kuti kuyambira mu 2020 anayamba kujambuliratu m'malo moonetsa pomwepo. Komabe ali m'chipinda chomangidwira ntchito imeneyo. Pakhomo palibe wodula. Mwana akalira, masewera aima. Mvula ikagunda pa malata, mau samveka. Nyali ikathera mafuta, nkhondo ya m'nthano idikira mawa.

Chachinayi ndi nthawi. Kwa a pa kanema, kusewera ndi ntchito yolandira nayo ndalama. Tsiku lake lili loikika, ndipo kukonzekera kwa wotsogolera kuwerengedwa m'ntchito yake. Wotsogolera wa pakhomo ali ndi munda, sukulu kapena msika, ndipo akonza nthano yake ndi mphindi zotsala atatopa kale. Osewera ake ajomba chifukwa cha maliro, matenda ndi maulendo. Ndipo dziwani kuti ngakhale a pa kanema vuto limeneli linawagwerapo: Ashley Johnson, mmodzi wa a Critical Role, anasowa pa zigawo zambiri za nthano ziwiri zoyamba chifukwa anali ku New York pa ntchito ina ya kanema, anzake napitiriza pomusungira malo. Ngati iwo amene alipidwa alephera kukwana nthawi zonse, nanga banja la alimi lidzadziimba mlandu bwanji?

Chachisanu ndicho chachikulu, ndipo pamenepa a pakhomo aposa. Wopenyerera, ngakhale akonde chotani, sangathe kusintha kanthu. Akhoza kufuula kuti "musatsegule chitseko chimenecho," koma palibe amumva. Pakhomo, mwana wamanyazi amene sayankhula pa gulu anena motsitsa kuti munthu wake aponya chingwe, naponya dayisi, nigwa nambala 20, ndipo onse apulumuka chifukwa cha iye. Mwana ameneyo waona kuti mau ake ali ndi mphamvu pakati pa akulu ake, ndipo nkhani ya chingwecho idzakambidwa m'banjamo zaka zambiri. Chimenechi madola 11 miliyoni sangachigulire wopenyerera.

NTHENDA YA KUYEREKEZA

Ku maiko kumene masewerawa anafala, vuto la kuyerekeza linakula kufikira analipatsa dzina la Mercer yemwe, nalitcha Matt Mercer effect. Nthenda imeneyi igwira mbali ziwiri. Igwira osewera, amene adza ku gome la mnzawo akuyembekeza mau osinthasintha, nyimbo ndi nkhani yogwetsa misozi, koma iwo eni osabweretsa kanthu. Akhala ngati alendo odikira kupatsidwa, ndipo pobwerera anena kuti sizinakome. Igwiranso wotsogolera, amene adziyeza yekha ndi katswiri, nagona mochedwa polemba mbiri ya maufumu imene palibe adzaifunse, nadzikakamiza kusintha mau kufikira pakhosi pauma. Ndipo pofuna kuti nthano ikome monga ya pa kanema, ayamba kukana maganizo a anzake kuti nkhani ipite kumene iye anakonza. Pamenepo masewera afa, pakuti osewera asanduka openyerera m'nyumba mwawo momwe. Akuluakulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika.

Chakumapeto kwa chaka cha 2018 wotsogolera wina anadandaula poyera kuti osewera ake amuyerekeza ndi Mercer, ndipo Mercer mwini wake anamuyankha. Tanthauzo la yankho lake linali lakuti nkhani yotere imumvetsa chisoni. Kuti pa gome lake pakhala akatswiri a zisudzo, ndipo iye watsogolera masewera zaka zoposa 20. Kuti kukoma kwa masewera ndi udindo wa onse okhala pa gome, wosati wa wotsogolera yekha. Ndi kuti gome lililonse lipeze njira yakeyake. Tsono kumbukirani chiyambi chija. Chionetsero chachikulu chimenechi chinabadwa monga mphatso ya munthu kwa bwenzi lake, m'nyumba, popanda kamera. Ndipo ena a iwo anali asanasewereko chiyambire. Chimene openyerera akonda mwa iwo, ndicho kuzolowerana ndi kukhulupirirana, chinakula m'zaka ziwiri zija za m'nyumba. Munthu wonyoza gome la kwawo chifukwa cha Critical Role anyoza nthaka yomwe inameretsa mtengo umene akuusirira.

ZIMENE KANEMA ATHANDIZA

Sitikunena kuti zionetserozi nzoipa, ndipo kungakhale kunama kubisa ubwino wake. Mabuku a malamulo ndi aakulu, a masamba mazanamazana, ndipo kale munthu wopanda womuphunzitsa ankatopa nawo asanayambe. Lero aona ndi maso m'mene wotsogolera afunsira, nthawi yoponya dayisi ndi m'mene nkhondo iyendera mosinthana, naphunzira m'madzulo amodzi zimene zikanamutengera sabata zambiri. Zionetserozi zinaonetsanso kuti masewerawa si a anyamata okha, pakuti pa magome amenewa pakhala amayi ndi abambo, okwatirana, abale, ndi bambo pamodzi ndi ana ake.

Ndipo pali makhalidwe atatu amene wopenyerera wanzeru angatengeko popanda kulipira. Loyamba, kumvetsera: akatswiri aja akhala chete nthawi yaitali mnzawo akuyankhula, ndipo akondwera ndi kupambana kwake. Lachiwiri, kulandira tsoka mosakwiya: dayisi likagwa pa 1, iwo aseka, nasandutsa kulephera kukhala chigawo chokoma cha nthano. Lachitatu, kukumbukira: alemba maina ndi zochitika, kuti ntchito ya wotsogolera isapite pachabe. Zimenezi munthu aliyense angathe kuzichita. Koma mau a katswiri ndi kalankhulidwe kake musabwereke, pakuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

MAU KWA MAKOLO

Pali zinthu zitatu zimene makolo ayenera kuzidziwa. Choyamba, zionetsero zimene tatchulazi anazikonzera anthu akuluakulu. Muli mau otukwana, nthabwala zosayenera ana ndi nkhani za kukhetsa mwazi. Choncho musamusiye mwana wamng'ono yekha nazo. Pakhomo vuto limeneli lichepa, pakuti wotsogolera ndi wa m'banja momwemo, ndipo asankha nthano yoyenera msinkhu wa amene alipo.

Chachiwiri, zidya nthawi ndi ndalama. Tawerengani nokha: zigawo 115 za nthano yoyamba ya Critical Role, tikaziwerengera maola 3 okha chilichonse, zikwana maola 345, ndiko kuti masiku oposa 14, usana ndi usiku, osagona. Onjezanipo mtengo wa intaneti ndi wa kutchajitsa lamya. Mnyamata amene atha maola amenewo ali yekha ndi tizingwe m'makutu wasiya abale ake panja. Pamene maola omwewo pa gome la pakhomo awasonkhanitsa pamodzi.

Chachitatu, ena afunsa: kodi kuponya dayisi si juga kapena kuombeza? Nanga zamatsenga zimene zili m'nthanomo? Funso limeneli si lachilendo. Makolo ambiri a ku America analifunsa ndi mantha m'zaka za m'ma 1980. Yankho lake ndi lakuti pa masewerawa saikapo ndalama, ndipo dayisi silinena za m'tsogolo mwa munthu weniweni. Lingoweruza ngati munthu wopeka wawoloka mtsinje wopeka. Zilombo ndi matsenga a m'menemo ali onga a m'nthano za agogo, m'mene kalulu ayankhula ndipo ng'oma imeza mwana, koma palibe akhulupirira kuti zinachitikadi. Komabe kholo lili ndi ufulu wonse wonena kuti m'nyumba muno nthano zathu zikhale za alenje, amalonda a pa ulendo ndi mafumu, zopanda mfiti. Ndipo masewera sadzachepa kukoma chifukwa cha chimenecho.

KWA OFUNA KUYESA PAKHOMO

Kuyamba sikulira chuma. Kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa malamulo oyambira aulere pa intaneti mu 2014, m'Chingerezi, ndipo mwana wa sukulu angathe kumasulirira anzake mfundo zake zazikulu. Popanda dayisi la mbali 20, lembani manambala 1 kufikira 20 pa timapepala, muike m'kapu, ndipo wosewera atole kamodzi osayang'ana, nakabwezere. Mapu ajambulidwa pa pepala kapena pa dothi. Zitsekero za mabotolo zikhala anthu, nyemba zikhala adani. Tsono sungani malangizo awa.

1. Musanayambe, khalani pansi mugwirizane: nthano ya mtundu wanji, itenga nthawi yotani, ndi zinthu ziti zimene simufuna kuti zilowemo.

2. Yambani ndi nthano yaifupi yotha madzulo amodzi, monga kukafuna ng'ombe za mfumu zimene zabedwa. Ikakoma, mudzapitiriza.

3. Wotsogolera ayankhule ndi mau ake a masiku onse. Nkokwanira kunena kuti "nkhalambayo iyankha monjenjemera," ngakhale iye sanjenjemera.

4. Wotsogolera aonetsetse kuti aliyense wafunsidwa, makamaka wamng'ono ndi wamanyazi. Ndipo wolongolola adziletse.

5. Lamulo likakusowani, wotsogolera agamule pomwepo mwachilungamo, ndipo mudzafufuze m'buku masewera atatha.

6. Osewera athandize: adze pa nthawi, akumbukire za ulendo wapita, ndipo athokoze amene anakonza. Mutu umodzi susenza denga.

7. Musinthane udindo wa kutsogolera, kuti aliyense alawe kulemera kwake. Amene anasenzapo mtolo sanyoza wosenza.

8. Masewera asalande nthawi ya ntchito, ya sukulu ndi ya tulo. Lekani anthu akali kufuna zina, kuti sabata ya mawa adzabwere ndi njala.

Potsiriza pa madzulo otere, musafunse kuti, "Kodi tinafanana ndi a pa kanema?" Funsani mafunso atatu awa: Kodi aliyense anapeza mpata woyankhula? Kodi chinachitika china chimene palibe anachiyembekeza? Kodi tikufuna kudzakumananso? Mukayankha inde pa onse atatu, masewera anu anayenda bwino, ngakhale wotsogolera anachita chibwibwi, mapu anafufutidwa ndi nkhuku, ndipo agogo anagona nkhondo ili pakati.

Choncho mlandu uja tiugamula motere: muyeso wa pa kanema ndi wa openyerera, ndipo suyenera kulowa m'nyumba. Penyani akatswiri ngati muli ndi mpata, mutengeko kumvetsera kwawo ndi kuseka kwawo pa tsoka, kenaka zimitsani lamya, yalani mphasa, itanani ang'ono anu ndi alongo anu, ndipo mmodzi wa inu afunse kuti, "Muchita chiyani?"